Chiswamphika Chimene Chinakana Kuuluka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphunzira kuti munthu angathe kuona chinthu ndi maso ake awiri, dzuwa likuswa mtengo, koma masabata awiri asanathe n'kupezeka ataima pagulu akupepesa chifukwa choti anachiona.

Chaka chimenecho n'kuti titangosamuka kwathu ku Mangochi kukakhala pa Uliwa, m'boma la Karonga. Ababa anatsegula kasitolo m'mbali mwa msewu waukulu, momwe ankagulitsamo sopo, shuga, machesi, mafuta ophikira, mbedza ndi ulusi wosokera maukonde. Ife tinkagona kuseri kwa sitoloyo, m'zipinda ziwiri za malata zomwe masana zinkatentha ngati chiwaya. Kunyumba tinkayankhula Chiyao, m'sitolo Chichewa, koma ndikangoponda pabwalo la sukulu ndinkasanduka wogontha, chifukwa ana onse ankacheza m'Chitumbuka. Ankayang'ana mpango wanga wakumutu, kunong'onezana, kenako n'kuseka. Mwina sankaseka ine, koma ukakhala kuti sukumva chiyankhulo cha eni, kuseka kulikonse kumakhala ngati kwalunjika pa iwe.

Amene ananditola anali Tawonga. Anali mtsikana wamfupi, wa mpata kumano, wachangu pa masamu kuposa anyamata onse a mu Sitandade 6. Tsiku langa lachitatu pasukulupo anasunthira pomwe ndinakhala pansi, chifukwa madesiki analipo ochepa, nandigawira chinangwa chootcha chomwe anakulunga m'pepala. Anandiyankhula m'Chichewa chake chokoka ngati akuimba, nandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo azindiphunzitsa mawu asanu a Chitumbuka tsiku lililonse. Anayamba ndi monire, yewo, maji, zanga kuno. Ine ndinkamubwezera ndi masiwiti a m'sitolo ndi nyimbo za kwathu. Mwezi usanathe tinali titasanduka chala ndi mkanda. Aliyense wofuna Tawonga ankafunsa ine, wofuna ine ankafunsa Tawonga.

Bambo ake anali atamwalira kale, ndipo mayi ake ankalima mpunga ku sikimu ya Hara. Masiku a sukulu Tawonga ankakhala kwa amalume ake, a Gondwe, omwe analinso mphunzitsi wa kalasi yathu. Kunyumba ankawatchula kuti asibweni, m'kalasi sala monga tonsefe. Ndiye ankatunga madzi a pakhomopo, kutsuka mbale ndi kubereka mwana wawo wamng'ono. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, koma ndinali mwana wodya kwa makolo anga, ndipo sindinaganizepo kuti kudya pakhomo pa munthu wina kumatanthauza chiyani.

A Gondwewo ndinkawakonda. Anali aatali, ovala malaya ositidwa bwino ngakhale kunja kutenthe bwanji, ndipo ankaphunzitsa mosakuchititsa tulo. Ndi iwo amene anayamba kundiyamikira pasukulupo. Tsiku lina anawerengera kalasi yonse chimangirizo changa, nanena kuti mlendoyu akuphunzitsani kulemba. Choncho atalengeza kuti kudzakhala mpikisano wa mafunso wa sukulu za m'dera lathu ku Chilumba, ndipo kuti mu Sitandade 6 mudzachoka mwana mmodzi yekha, aliyense anadziwa kuti nkhani ili pakati pa ine ndi Tawonga. Ife sitinaione ngati nkhondo. Tinagwirizana kuti amene adzapiteyo adzafotokozere mnzake zonse, kuyambira galimoto yomwe adzakwere, asilikali a kukampu ya kumeneko, mpaka ndiwo zomwe adzadye masana.

Loweruka lina, mpunga utayamba kucha, ababa anandilola kuti ndiperekeze Tawonga kwa mayi ake ku Hara kukathandiza kupirikitsa mbalame. Tinanyamuka m'mamawa mame asanakamuke. Sindinali nditaonapo mpunga wochuluka chotero: minda yoyalana mpaka kutsinde kwa mapiri, ngala zitaweramira pansi, madzi akuyenda mwakachetechete m'ngalande, ndipo mphepo ikawomba pankamveka kafungo konga ka mpunga uli pamoto. Ntchito yathu inali kuima pamzere wa dothi pakati pa minda, kukoka chingwe chomangirira zitini ndi kukuwa mpheta zikatera. Pofika masana mawu anali atatisasa, ndipo tinakhala m'mbali mwa ngalande mapazi ali m'madzi, tikudya nthochi zophika zomwe mayi ake anatibweretsera.

Tili pomwepo, Tawonga anatambasula mkono pang'onopang'ono. Pamkono pakepo panali chiswamphika chowonda, chachitali ngati chala changa chapakati, chobiriwira mopita ku khofi. Chinkagwedezeka uku ndi uku ngati tsamba pamphepo, miyendo yake yakutsogolo itapindidwa ngati munthu wopempha. Chinatembenuza kamutu kake n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni. Ndinaseka, ndipo ndinatambasula chala kuti ndichikhudze kumsana. Pomwepo msana uja unatseguka. Mapiko akunja anadzuka, ndipo pansi pake panatuluka ena opyapyala, owala ngati pepala lokulungira masiwiti. Chinanyamuka ndi kaphokoso kakang'ono, chinauluka mokhotakhota ngati chaledzera, chinawoloka ngalande yonse ndi munda umodzi, n'kukatera patsamba la nthochi kutsidya.

"Chauluka! Mariamu, waona? Chauluka!" anakuwa Tawonga ataimirira, akundigwedeza phewa.

Tonse sitinkadziwa kuti chiswamphika chimauluka. Tinathamangira kunthochi kuja kukachifuna koma sitinachipeze. Njira yonse yobwerera ku Uliwa tinkangokamba za icho, Tawonga akuyerekeza ndi manja mmene chinkapepelukira m'mwamba.

Lolemba lake kusukulu kunabwera mlendo, mlangizi wa zamaphunziro, woyendera aphunzitsi. Anam'patsa mpando kumbuyo kwa kalasi yathu, ndipo anakhala phee ndi kope lake pamwendo. A Gondwe tsiku limenelo anavala tayi. Phunziro linali la sayansi, lokhudza tizilombo. Anagawa bolodi pakati ndi mzere wa choko, mbali ina nalemba zouluka, ina zosauluka, ndipo anatiuza kuti tizitchula mayina. Njuchi, udzudzu, gulugufe ndi tombolombo zinapita mbali imodzi. Nsabwe, nsikidzi ndi utitiri zinapita mbali inayo. Zonse zinkayenda bwino, mlendo uja akugwedeza mutu. Kenako wina anatchula chiswamphika, ndipo a Gondwe, osaima n'komwe, anachilemba pansi pa nsikidzi.

Dzanja langa linakwera lokha. Ndinalibe maganizo oipa. Ndinali wokondwa, ngati mwana amene watola chinthu panjira ndipo akuthamangira kukaonetsa munthu amene amamukonda.

"Sala, chiswamphika chimauluka."

A Gondwe anamwetulira, koma kumwetulira kwake sikunafike m'maso. Anati mwina ndinaona chiwala, poti ana ambiri amasokoneza ziwirizi. Ndikanakhala wanzeru ndikanalowera pakhomo lomwe ananditsegulirali. Koma ndinaimirira n'kunena kuti sichinali chiwala, chiwala ndimachidziwa, ndipo ndinafotokoza za mapiko opyapyala aja ndi ngalande ija. Kumbuyo kuja ndinamva cholembera cha mlendo chikukanda papepala.

"Unali ndi ndani pomwe unkaona zodabwitsazi?" anafunsa a Gondwe.

"Ndinali ndi Tawonga, sala. Chinatera pamkono pake. Mufunseni."

Ndinatembenuka ndikumwetulira, ndikudikira kuti mnzanga adzuke ndi changu chake chija. Tawonga anadzuka pang'onopang'ono, maso ali pansi, akupotokola kansonga ka diresi lake. Amalume ake anamufunsa m'Chichewa ngati zinali zoona. Iye anayankha m'Chitumbuka, ndi mawu otsika koma omveka kalasi yonse.

"Ine nkhawona yayi, sala. Wakuteta waka."

Kalasi inaphulika ndi phwete. Mwina Tawonga ankaganiza kuti sindimva, koma ndinamva liwu lililonse, chifukwa anandiphunzitsa ndi iye yemwe. Anati sanaone kanthu. Anati ndikungonama. Liwu loti wakuteta anandiphunzitsa yekha tili pamjigo, akuti ndizidziwa anthu akamandinena. Ndinayang'ana pamkono pake, pamalo penipeni pomwe chiswamphika chija chinaima, ngati kuti mwina chinasiyapo mapazi ake.

Mlendo atachoka, a Gondwe anavula tayi n'kuiika m'thumba. Sanakalipe. Anangonena mwaulemu woziziritsa thupi kuti popeza m'kalasi mwabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku Mangochi, ndi bwino atiphunzitse ndi umboni. Anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndibweretse chiswamphika ndi kuchiulutsa pamaso pa onse. Chikauluka, iwo adzafufuta pabolodi ndi dzanja lawo. Chikapanda kuuluka, ndidzalandira chibalo cha munthu wabodza ndi wamwano.

Poweruka Tawonga anatuluka mothamanga osandiyang'ana. Ine sindinamutsatire. Mumtima ndinkati palibe kanthu, choonadi chili kumbali yanga, ndipo Lachisanu onse adzachita manyazi.

Masiku atatu otsatira, ndikangochoka ku madrasa masana, ndinkalowa m'tchire ndekha. Ndinafufuza m'mipanda ya anthu, m'minda ya chinangwa, kuseri kwa chigayo, mpaka miyendo yonse inadzaza ndi zokala za udzu. Chinthu ukamachifuna chimabisala. Lachinayi dzuwa litapendeka ndinachipeza pamtengo wa nandolo kuseri kwa mzikiti. Chinali chachikulu kuposa cha ku Hara chija, chobiriwira bwino, cha mimba yonenepa ngati chala chachikulu cha ababa. Ndinaganiza kuti ngati kakang'ono kaja kanawoloka ngalande, ichi chikauluka mpaka kudenga la kalasi. Ndinachiika m'katoni ya sopo yomwe ndinaiboola timabowo, n'kuchiponyera ntchentche ziwiri. Amayi atachiona anandithamangitsa nacho pakhomo la khitchini, akuti mbiya yawo ndi imodzi yomweyo ndipo safuna kuti ndiwaswere ndi manja ogwira chinthu chimenecho. Chinagona panja, pansi pa benchi ya sitolo.

Lachisanu m'mawa a Gondwe anaimitsa phunziro la masamu n'kundiitana kutsogolo. Ana a makalasi ena anali atamva, ndipo mitu inadzaza m'mawindo. Ndinatsegula katoni ija, ndinachiika pachikhatho, n'kukweza mkono m'mwamba. Chinaima. Chinayang'ana kalasi, chinayang'ana ine, kenako chinayamba kunyambita mwendo wake wakutsogolo mosatekeseka. Ndinachikhudza kumsana monga ndinachitira ku Hara. Chinangosuntha pang'ono. Ndinachiuzira mpweya. Chinakakamira chala changa. Kuseka kunayamba chapansipansi. Pamenepo ndinachiponya m'mwamba. Chinatambasula mapiko pang'ono, n'kugwa pansi kuti phi, ngati chigamba chonyowa. Ndinachitola n'kuponyanso, chinagwanso. Kachitatu ndinaponya misozi ili m'maso, ndikuchichonderera chamumtima m'Chiyao.

"Koma mapiko chili nawo, sala, taonani," ndinatero.

"Nthiwatiwa nayonso ili ndi mapiko," anayankha a Gondwe, ndipo kalasi inagwa nacho chiseko.

Mnyamata wina wa kutsogolo anachiponda ndi chidendene, ndipo m'mimba muja munatuluka zinthu zachikasu zomwe zinamatirira pasimenti. Ndinalandira zikoti zinayi m'manja, ziwiri za bodza, ziwiri za mwano. A Gondwe anandilamulanso kukumba dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi, lakuya kufika m'chiuno mwanga, ndiponso kuti Lolemba ndidzapepese pa asembule pamaso pa sukulu yonse. Asanatuluke analengeza kuti ku Chilumba kudzapita Tawonga, chifukwa sukulu singatumize mwana woyankha za m'mutu mwake. Nthawi yonseyi Tawonga anali ataweramira kope lake, akulemba mzere umodzi womwewo mobwerezabwereza mpaka pepala linabooka.

Madzulo ake ndinadikira kuti m'sitolo muchoke anthu, ndipo ndinawafotokozera ababa zonse, ndikuwaonetsa manja otupa. Ankapima shuga m'timapepala, ndipo sanasiye. Nditamaliza anati, "Chimauluka chimenecho. Ndachionapo kambirimbiri kumunda kwa agogo ako."

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinawagwira mkono n'kuwapempha kuti Lolemba adzapite nane akanene zimenezo kwa ahedi. Anachotsa dzanja langa mofatsa, namanga kapepala kena ka shuga.

"Mariamu, kuno n'kwa eni. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ulifuna. Tabwera chaka chino chomwe, ndipo anthu akutiyang'anabe kuti ndife otani. Ukufuna kuti pa Uliwa ponse pamveke kuti wasitolo wa ku Mangochi wapita kukaphunzitsa aphunzitsi ntchito? Upite ukapepese. Kupepesa sikuthyola fupa."

Sanandiyang'ane m'maso ponena zimenezi. Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba, ndipo kulira komwe ndinalira pamenepo kunaposa kwa zikoti kuja.

Lolemba ndinaima kutsogolo kwa sukulu yonse, dzuwa la m'mawa likundilasa kumaso, ndipo ndinanena mawu omwe a Gondwe anandilembera pakapepala: kuti ndinanama, kuti chiswamphika sichiuluka, ndipo kuti ndikupempha aphunzitsi anga andikhululukire. Anandiuza kuti ndibwereze chifukwa a kumbuyo sanamve. Ndinabwereza. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pasukulupo linafa. Aliyense, ngakhale tiana ta Sitandade 1, ankandiitana kuti Chiswamphika, ndipo ndikamadutsa ena ankapinda manja pachifuwa n'kumagwedezeka.

Tawonga anapita ku Chilumba, ndipo sukulu yathu inachita bwino. Patapita masiku awiri anandipeza pamjigo ndikudikira kuti ndowa yanga idzaze. Panalibe munthu wina. Anaika ndowa yake pansi, natulutsa pensulo yatsopano yofiira, imodzi mwa ziwiri zomwe anapatsidwa kumpikisano, n'kunditambasulira. Anayamba kufotokoza za galimoto yomwe anakwera, monga tinapanganirana muja, ngati kuti pakati pathu sipanagwe kanthu. Sindinailandire pensuloyo.

"Unachiona kapena sunachione?" ndinamufunsa.

Madzi anayamba kusefukira m'ndowa yanga.

"Ndinachiona," anatero.

"Nanga unaneneranji kuti ndikunama?"

"Iwe unanditchuliranji? Unandifunsa kaye? Pamaso pa mlendo, ndinene kuti asibweni alakwa, kenako madzulo ndikadye nsima yawo? Iwe ukakwiyitsa aphunzitsi umapita kwanu. Ine ndikawakwiyitsa ndimapita kwawo."

Ndinamuuza kuti akanangonena kuti sakukumbukira, kapena kuti sanaonetsetse. Panalibe chifukwa chonditchulira wabodza. Iye anayang'ana kumbali, nati mawuwo anangotuluka. Kenako, mwina pofuna kundisangalatsa, mwina pofuna kutula katundu yemwe ankamulemera, ananena chinthu chomwe chinandipweteka kuposa zonse.

"Usadandaule, asibweni akudziwa kuti sunaname. Lolemba lomwe lija, mlendo atangochoka, anabwereka buku lalikulu kwa aphunzitsi a kusekondale. Ndinawamva akuuza akazi awo kuti kamwana kaja kananena zoona, zina zimauluka."

Ndinamuyang'ana osamvetsa. Ndinawerenga masiku m'mutu mwanga. Lolemba anadziwa. Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, pomwe ine ndinkakalika ndi udzu m'tchire, ankadziwa. Lachisanu, pomwe ankakweza chikoti, ankadziwa. Polemba kapepala kopepesa kaja ndi dzanja lawo lokongola lija, ankadziwa. Ndipo Tawonga, ataweramira kope lake, ankadziwa kuti iwo akudziwa. Pa anthu onse amene ndinkawadalira pa Uliwa, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankakayika zoti ndinanena zoona. Onse anangoona kuti n'chapafupi kuti wabodza ndikhale ine.

Ndinasenza ndowa yanga n'kumusiya ataima pomwepo ndi pensulo yake. Sitinakhalenso moyandikana m'kalasi. Sitinakangane, sitinatukwanane, tinkangodutsana ngati anthu okumana pamsika. A Gondwe anapitiriza kundiphunzitsa mpaka chaka chinatha, ndipo nthawi zina ankandiyamikira mopitiriza muyeso pa zinthu zazing'ono. Ndikuganiza kuti kumeneko kunali kupepesa kwawo. Koma ine dzanja langa silinakwerenso m'kalasi mwawo, ngakhale yankho ndikulidziwa. Chizolowezi chimenecho chinanditsatira mpaka ku sekondale, komwe aphunzitsi ankalemba pa lipoti langa kuti ndine wanzeru koma wosayankhula.

Chinsinsi cha Lachisanu lija ndinadzachimva ndili wamkulu, ndikuphunzira zaulimi ku koleji. Mphunzitsi wathu ankakamba za tizilombo tothandiza mlimi pogwira tinzake towononga mbewu, ndipo anafika pa chiswamphika. Anati tiana take tilibe mapiko, amamera tikakula. Anati chachimuna chimakhala chowonda ndi chopepuka, ndipo n'chimene chimauluka kwambiri pofunafuna chachikazi. Chachikazi chimakhala chachikulu, ndipo mimba ikadzaza mazira chimalemera moti nthawi zambiri sichitha kunyamuka, ngakhale mapiko chili nawo. Anzanga ankalemba notsi. Ine ndinangokhala, ndikuona zachikasu zija pasimenti. Ndinali nditasankha chachikulu poganiza kuti ndicho chidzandiwombole, osadziwa kuti ndanyamula mayi wapakati kukamuponya m'mwamba katatu pamaso pa anthu. Pa onse a m'nkhaniyi, icho chokha n'chimene sichinandilakwire.

Zaka zingapo zapitazo ntchito yanga ya ulangizi inanditengera kumpoto, ndipo galimoto yathu inaima pa Uliwa kuti anzanga agule mpunga. Sitolo ya ababa ija tsopano ndi malo otchajira mafoni. Ndili chiimire m'mbali mwa msewu, ndinamva mayi wina akukuwa kuchokera pamzere wa ogulitsa mpunga.

"Mariamu! Chiswamphika! Ndiwe kodi?"

Anali Tawonga, wonenepa tsopano, mpata wa kumano uli pomwepo. Anandikumbatira mwamphamvu, fungo la mpunga watsopano lili m'zovala zake, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Anandiuza kuti sukulu anailekera mu Fomu 2, kuti ali ndi ana anayi, kuti munda wa mayi ake ku Hara akulima ndi iye. Amalume ake anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo amene ankawasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka tsiku lomaliza anali iyeyo. Tinaseka za anthu akale, za mjigo uja, za Chitumbuka changa chomwe chinali chitachita dzimbiri. Kenako anapukuta m'maso ndi chitenje n'kundifunsa, nkhope ili gwa, mopanda chinyengo chilichonse:

"Koma iwe, dzina lija la Chiswamphika linabwera bwanji? Ndakhala ndikuyesa kukumbukira."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akunamizira. Sankanamizira. Chinthu chomwe ine ndinachisenza zaka zoposa makumi awiri, chomwe chinanditseka pakamwa m'makalasi onse omwe ndinalowamo, kwa iye chinali chitagwera m'njira kalekale pakati pa mavuto ena akuluakulu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukumbutse, koma woyendetsa galimoto analiza hutala. Ndinangoti zinali za ubwana. Anandithirira mpunga m'thumba, nakana kuti ndimulipire, ndipo anandilembera nambala yake ya foni pakapepala.

Tsopano ndine mayi, ndipo pali zina zomwe ndikuzimvetsa zomwe mwana wa zaka khumi ndi chimodzi uja sakanazimvetsa. Ndikudziwa kuti ndinamuika Tawonga pakati pa ine ndi mbale yake ya nsima popanda kumufunsa, ndipo kuchokera pamenepo sinditchula munthu kuti akhale mboni yanga ndisanadziwe chomwe iye angataye. Ndikudziwa kuti ababa ankateteza denga lomwe tonse tinkagonamo. Ndikudziwanso kuti kunena zoona ndi kukhulupiriridwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuti nthawi zambiri anthu sakana choonadi chifukwa chosachidziwa, koma chifukwa choti pali wina wamng'ono amene angasenze bodzalo m'malo mwawo. Koma kumvetsa chifukwa chomwe munthu anakuchitira chinthu sikufafaniza chomwe anachitacho. Aliyense wa iwo anali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo pa asembule paja ndinaimapo ndekha.

N'chifukwa chake pamisonkhano ya alimi, mayi wina wa kumbuyo akadzutsa dzanja mwamanyazi n'kunena kuti iye anaona zosiyana ndi zomwe ndaphunzitsa, ndimaletsa oseka, ndipo ndimamufunsa kuti munda wake uli kuti kuti tipite tikaone limodzi. Kangapo konse ndapeza kuti wolakwa ndine, ndipo ndimabwerera kukanena zimenezo pamaso pa gulu lomwelo, osati kuseri.

Mpunga wa Tawonga tinadya ndi ana anga, ndipo unali wonunkhira bwino. Nambala yake ndinaisunga mu foni. Kawirikawiri ndimaiyang'ana, chala chili pamwamba pake, ndikudzifunsa ngati n'kotheka kukhululukira munthu amene sakudziwa n'komwe kuti pali choti akhululukidwe. Mpaka lero sindinaimbe.